Malo a Zii Amene Mwadula

Zimene ndinataya chaka chatha ndi izi. Mkazi wanga, amene inu munkawatcha agogo Tamanda. Lachisanu, tsiku lathu lokhalo pa sabata. Foni yawo, imene inagawidwa kumudzi pamodzi ndi zitenje ndi nsapato, ndipo amene anailandira anafufutamo zonse kuti aikemo zake. Foni yanga, imene ndinaiiwala pa zenera la kanyumba ka alonda mwezi wa Julaye, batire n'kutupa ngati chitumbuwa. Mabowo awiri a lamba. Chilakolako cha tiyi.

Ndi zomwezo. Sindikudandaula, ndangotchula.

Tsopano inu ana, Mphatso, Yankho, ndi iwe Chisomo amene ndikudziwa kuti ndiwe unayambitsa zonsezi, khalani pansi. Ndasankha kulemba, osati kutumiza voisi, chifukwa ndamva kuti mavoisi anga mumawathamangitsa kuti ndizilankhula ngati wolengeza mpira pa wailesi. Pepala simungalithamangitse. Mphatso, uwerenge mokweza mpaka kumapeto, osalumpha.

Ndikudziwa mumaseka kuti agogo wanji wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wopanda imvi ngakhale imodzi. Sindinasankhe ndine. Achemwali anga a Nasibeko anabadwa oyamba, ine mzime, ndipo amayi anu anandiberekapo kumsana ali mwana iwonso, mpaka tonse tinagwera m'ngalande. Achemwaliwo ndi agogo anu, choncho inenso ndine agogo anu, ndipo lero mundimvera ngati agogo.

Mwanditumizira nyimbo imene mukufuna kukaika pa sipika pa mwambo wa chiliza cha agogo Tamanda mwezi wamawa. Pansi pake mwalemba kuti, "Agogo, tayikonza, inali yaitali komanso inkaimaima." Ndaimvera kawiri. Voisi ya mphindi zisanu ndi zinayi mwaisandutsa ya mphindi zitatu. Malo onse amene piyano inakhala zii mwawadula. Pamwamba pake mwathira ng'oma za pa kiyibodi ya kutchalitchi, zija za dum-tcha, dum-tcha. Kenaka Mphatso wawonjeza kuti foni yake yadzaza, ndiye afufuta yakale ija poti yokonzedwa ilipo.

Usafufute, Mphatso.

Voisi ija agogo Tamanda anakujambulira iwe utayamba kuphunzira kiyibodi. Ndi yokhayo yatsala padziko pano imene muli manja awo. Ine ndilibe. Zanga zinapsa ndi dzuwa pa zenera paja.

Simukudziwa chimene mwadula, ndiye ndikuuzani, ngakhale ineyo ndinali mbuli kuposa inu.

Ine ndine mlonda pa hotela ina ku Al Sadd, mu mzinda wina kuno kudziko la Aluya. Ku koleji ndinaphunzira mbiri yakale, za maufumu a Amaravi ndi nkhondo za ku Ulaya, ndipo lero maphunziro onsewo ndimakwezera nawo chitsulo cha pa geti. Ndimagona ku Bin Mahmoud, m'chipinda cha amuna anayi. Agogo Tamanda ankalera ana awiri m'nyumba ina ya mpanda ku Al Waab, ndipo ankagona komweko. Mzinda umodzi, banja limodzi, mabedi awiri otalikirana. Lachisanu tinkakumana potulukira metiro, sitima ya pansi pa nthaka, n'kukadya mpunga wa nkhuku pa kalesitilanti ka Amwenye, n'kumwa tiyi wa karaki m'timakapu tapepala, wotsekemera ngati wa mwana. Dzuwa likapendeka, aliyense kwake.

Piyano anaiphunzira ku sekondale ya atsikana, kwa sisitere wina wokalamba amene ankawamenya zala ndi pensulo. Tisanakwatirane ankaliza ogani kutchalitchi kwawo, osati izi zanu zapamagetsi zimene mukadina batani zimaimba zokha inu mukutafuna chingamu. Inali ogani yopopa ndi mapazi. Ukaleka kupopa, nyimbo inkakomoka pakati pa vesi. Ankatuluka m'tchalitchi miyendo ili nyoo, ngati apalasa njinga kuchokera ku Dedza.

M'nyumba ya ku Al Waab munali piyano yaikulu yakuda, yodzaza zithunzi za ukwati pamwamba. Tsiku lina madamu anawapeza atasiya nsanza yopukutira, chala chikuyendayenda pa makiyi. Agogo anu anaganiza kuti ntchito yatha. Koma madamuyo anali munthu wabwino. Anangoti ana akapita kusukulu agogo anuwo aziimba piyanoyo, chifukwa chinthucho chinkangodya malo. Choncho tsiku lililonse cha m'ma 11 koloko m'mawa, nthawi yanga yopuma, ankandiimbira foni, n'kuika foniyo pa piyano, n'kundiimbira nyimbo. Ine ndili m'chipinda chapansi choimika magalimoto, hedifoni kukhutu limodzi, mkate m'manja.

Sabata yoyamba ndinalakwitsa. Anandifunsa kuti, "Mwaimva bwanji?" Ine ndinati, "Yabwino. Koma nyimbo za azunguzi zonse n'zofanana, ngati za mu lifiti ya kuhotela kwathu."

Kenaka anati, "A Mbewe, inu munthu wa mbiri yakale? Zaka mazana atatu mukuti n'zofanana? Ndiye kuti agogo anu, amayi anu ndi inu ndinu munthu mmodzi?"

"Ayi, koma…"

"Palibe koma. Mawa mubwere ndi makutu onse awiri."

Umo ndi mmene ndinabwerera kusukulu ndili ndi yunifolomu ya ulonda. Anandiphunzitsa kuti nyimbo za piyano zili ndi mibadwo yake inayi, ndipo mbadwo uliwonse uli ndi kayendedwe kake, kapumidwe kake ndi kamalizidwe kake. Mu voisi ija anaika nyimbo imodzi ya mbadwo uliwonse, motsatana, wamkulu patsogolo. Inu mwazisakaniza ngati makadi a njuga ya kumowa.

Woyamba ndi wa Baroki. Ine ndinamva ngati akuti buloko, ndipo ndinafunsa kuti buloko yake iti, A kapena B. Sanaseke. Anati pa nthawiyo piyano inali isanafale, anthu ankaliza chinthu china chofanana nayo chimene chinkakodola zingwe ngati bangwe. Ungadine mwamphamvu kapena monyengerera, mawu ankatuluka chimodzimodzi. Ndiye poti sakanatha kukuwa kapena kunong'ona, anaphunzira kuluka. Dzanja lamanja limayamba nkhani, lamanzere n'kuyamba nkhani yomweyo mochedwerapo, n'kumathamangitsana osagwirana, ngati anthu awiri osinja mu mtondo umodzi, uyu akutsitsa uyo akukweza, misi osagundana. Chisomo, mvetsa apa. Ng'oma ya nyimbo imeneyi ili kale m'dzanja lamanzere. Iwe waika ng'oma pamwamba pa ng'oma. Wabweretsa wosinja wachitatu amene sakuona n'komwe kuti anzake ali pati.

Nyimbo za Baroki zikamatha sizivuta. Zimachepetsa liwiro ngati basi yolowa m'depoti, n'kuima, n'kupuma mpweya wautali. Ngakhale ine ndinkadziwa kuti tafika.

Wachiwiri ndi wa Klasiko. Apa agogo anu ankapsa mtima kwambiri, chifukwa anthu amatcha nyimbo zonsezi kuti klasiko, pamene Klasiko ndi mbadwo umodzi wokha. Ankati, "Zili ngati kuno, mmene amatiitanira tonse kuti Afirika. Mmalawi, Mkenya, wa ku Uganda, tonse Afirika, bwera kuno." Pa mbadwo umenewu piyano yeniyeni inali itafika, ya tinyundo tomenya zingwe, yotha kukweza ndi kutsitsa mawu. Nyimbo zake n'zaulemu ngati malonje. Mbali ina imati, "Muli bwanji?" Kenaka kamphindi. Ina n'kuti, "Tili bwino, kaya inu?" Kamphindi kameneko ndi ulemu. Ndi pamene munthu amagwada, n'kuomba m'manja, asanayankhe. Inu mwakadula ponseponse. Tsopano yankho likukwera pamsana pa funso, ngati kondakitala ndi pasinjala akukangana mu minibasi ya ku Area 25.

Koma kumaliza kwake ndinkakukonda. Zimagogoda katatu, gu! gu! gu! ngati munthu akutseka chitseko n'kuyesa ngati chatsekekadi. Kuno kuli mawu a Chiluya amene tonse tinatola, akuti khalasi, kutanthauza kuti zatha, basi. Ikagogoda kachitatu ndinkakuwa m'chipinda cha magalimoto muja kuti, "Khalasi!" Iwo n'kuseka, n'kuti, "Mwakhoza, aphunzitsi. Mawa musachedwe."

Wachitatu ndi umene mwauika patsogolo, n'kujambulapo timitima tofiira. Romantiki. Yankho walemba kuti, "Iyi ndi imene ankakukopani nayo agogo." Iwe Yankho, ukadali wamng'ono. Ndinu nomwe munkawatcha agogo Tamanda kuti mkazi mnzanu, n'kumawauza kuti anakulandani mwamuna, ndiye ndikukhululukira. Ndipotu sindingakuseke kwambiri, chifukwa inenso atandiuza kuti sabata yamawa tiyamba za Romantiki, ndinapita ku metiro Lachisanu nditameta, nditathira perefyumu wa a Kamanga, dalaivala amene ndimagona naye chipinda chimodzi.

Anandinunkhiza n'kuti, "Kuli ukwati kuti?"

Ndinati, "Si mwati tafika pa zathu, za romantiki?"

Anaseka mpaka kugwira chipilala. "Kalanga ine, digiri yonseyi! Si za chibwenzi izi, a Mbewe. Zachikondi zilimo, inde, koma zilimonso za mkwiyo, za matenda, za munthu amene ali kudziko la eni ndipo akudziwa kuti kwawo sadzakuonanso. Ndi mbadwo umene unatopa ndi malonje. Munthu ukamufunsa kuti muli bwanji, amakuuzadi mmene alili."

Pa mbadwo umenewu phazi limagwira ntchito. Pansi pa piyano pali pedulo, ndipo ukaiponda mawu sazima msanga, amatsalira m'mwamba n'kumasakanikirana. Nthawinso siiyenda ngati wotchi. Woimba amachedwa dala pamene mtima walemera, kenaka n'kuthamanga. Ng'oma zako, Chisomo, sizidziwa zimenezo. Zikungoguba ngati apolisi pa perete, agogo ako akutsalira m'mbuyo, kenaka akuzipitirira, moti munthu wosadziwa angati sankatha kuimba. Ndicho chandiwawa kwambiri. Mwawasandutsa munthu wophonya.

Ndipo apa ndi pamene khalasi wanga anayamba kundilakwitsa. Nyimbo za Romantiki zambiri sizigogoda chitseko. Zimangozilala, kuzilala, ngati galimoto yopita kutali pa msewu wafumbi. Tsiku lina ndinaona ngati yatha, n'kukuwa khalasi wanga uja. Lachisanu lotsatira anadya mpunga wonse osandiyang'ana.

"Ndalakwanji, mayi?"

"Munalankhula phazi langa lili pa pedulo."

"Ndiye ine ndiliona bwanji phazi lanu ndili ku Al Sadd?"

"Mulimve. Ndikalichotsa pamamveka thu. Isanalire thu, nyimbo ikadali yanga."

Mubwerere ku voisi yakale ija, kumapeto kwa nyimbo yachitatu. Thu ameneyo alipo. Mu yanu yokonzedwayo mulibe.

Sindikudziwa kuti ana a masiku ano munatani ndi kudikira. Ife tinakulira pa makaseti. Ukaika kaseti pankayamba kumveka mphepo yokhayokha, fuuu, ndipo tonse tinkakhala duu kudikira, palibe ankati yawonongeka. Ukafuna kubwereza nyimbo unkalowetsa bolopeni pa bowo n'kumapukusa ndi dzanja kuti usathe mabatire, ndipo mabatirewo tinkawayanika pa denga kuti akokeko mphamvu. Tepi ikaduka, tinkailumikiza ndi utomoni wa kachere kapena polishi ya zikhadabo ya amayi anu, ndipo pamalo polumikizapo nyimbo inkatsimphina moyo wake wonse, ife n'kumatsimphina nayo poimba. Inu chala chili pa galasi nthawi zonse, kukankha, kukankha. Chinthu chikangokhala chete masekondi atatu mwati netiweki.

Ndasochera. Ndinali pa mbadwo wachinayi.

Umenewu agogo anu analibe dzina limodzi loutchula. Ankangoti Zamakono, n'kuwonjeza kuti zina mwa izo n'zakale kuposa agogo anu a Nasibeko. Poyamba zimamveka ngati nkhungu ya ku Zomba, sudziwa pamene phiri lathera ndi pamene mtambo wayambira. Kenaka kunabwera zina zomveka ngati mapoto akugwa pa shelefu. Mawu oyandikana amene sagwirizana amawaika dala pamodzi. Tsiku loyamba ndinafunsa ngati mwana wa madamu wakhalira makiyi. A Kamanga nditawamvetsako Lachisanu lina anavula hedifoni n'kuti, "Achimwene, alamu athuwa ali bwinobwino kuntchito kuja? Muwafunse, mwina akutiuza zinazake."

Ndinawauza agogo anu mosabisa kuti mbadwo uwu sindiukonda. Anati, "Simukuyenera kuukonda. Anthu ake anaona nkhondo ziwiri zija munalemba pa mayeso. Mumafuna abwereko akuimba malonje?"

Chachikulu pa mbadwo umenewu, makamaka pa nyimbo imene anaisankha, ndi malo a zii. Si kuti woimba waiwala kapena akutembenuza pepala. Zii ameneyo analembedwa pa pepalapo, ali ndi muyeso wake, ndipo woimba amamuwerenga monga amawerengera mawu ena onse. Nyimbo yachinayi mu voisi ija ili ndi malo otere atatu, ndipo achitatuwo ndi aatali zedi, kenaka pamabwera timawu tiwiri tokha, tapamwamba, n'kutha. Inu mwadulira pa zii wachitatu, timawu tiwirito n'kutaya. Mwatseka chitseko munthu mwendo uli panja.

Mphatso, tenga voisi yakaleyo. Pita kuseri kwa nyumba kumene kulibe tambala. Ika foni pakhutu penipeni, ufike pamalo aataliwo. Umva eyakoni ya ku Al Waab ikulira pansipansi. Umva mpando ukuti kwii. Kenaka umva munthu akupuma ndi mphuno, ndipo ukatchera bwino umva akunong'ona, wanu, thuu, firii, folo. Sisitere uja anawamenya zaka zinayi kuti aleke kuwerenga motulutsa mawu, koma sanaleke. Pena ponse mu voisi imeneyo mukumva piyano ya eni ake. Pamalo amene mwadulawo ndi pamene pali agogo anu.

Ine ndinamva zimenezi kamodzi kokha, pa maliro, pamene unandibwereka foni yako. Sindinapemphe kuti unditumizire chifukwa ndinkaona ngati sindingapirire, ndipo ndinkaganiza kuti zinthu za pafoni sizitha. Tsopano ndikupempha.

Uchite izi. Unditumizire lero, yonse, mmene ilili. Utumizenso kwa amayi ako ndi kwa Yankho. Uiike pa memore khadi, khadiyo uiike m'kabotolo kouma, kabotoloko upatse agogo a Nasibeko, amene sanatayepo kanthu chibadwire, ngakhale mapepala a shuga. Ngati foni yadzaza, fufuta zithunzi zako zija wakweza milomo ngati chambo. Ndaziona, zilipo zambiri, ndipo zonse n'zofanana. Apa ndiye ndikunenetsa, n'zofananadi.

Ya ng'oma ija musataye. Chisomo wagwira ntchito, ndipo ndikudziwa mwachita izi chifukwa munkawakonda. Mudzavine pa Khirisimasi, ine kulibe. Koma pa chiliza mudzaike yakaleyo, kuyambira Baroki mpaka timawu tiwiri tija. Ndikudziwa zimene zidzachitike. Azakhali anu adzayamba kutsokomola. Abusa adzayang'ana wotchi. Pa zii woyamba wina adzathamangira ku sipika kukagwedeza waya. Yankho, iwe udzaime pa sipikapo, aliyense wobwera udzamuuze kuti siinawonongeke. Anthu amakhala maola atatu kumvera mauthenga a andale pa maliro. Mphindi zisanu ndi zinayi sizidzapha munthu.

Mwina mukuti agogo akalipa mopitirira mlandu wake. N'zoona. Ndikuuzani chifukwa chake kamodzi, ndipo musadzandifunsenso.

Linali Lachiwiri. M'mawa ananditumizira uthenga kuti mutu ukuwawa, amwa mapiritsi. Cha m'ma 2 koloko masana anagwa kukhitchini. Madamu anawatengera yekha kuchipatala, n'kundiimbira ali m'njira. Madokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika. Pamene ndinkafika anali atasiya kulankhula, ndipo sanalankhulenso mpaka Lachinayi pamene anatisiya.

Koma 11 koloko ya Lachiwiri lomwelo anaimba foni monga mwa masiku onse. Anati nyimbo yachinayi ija, imene anakujambulira iwe Mphatso ikadali yowavuta, tsopano yakhala m'manja, ndiimve. Tsikulo mnzanga wa shifiti sanabwere, ndiye sindinatsike kukapuma, ndinali pa geti. Ndinabisa hedifoni pansi pa chipewa. Anayamba. Kuhotela kunali msonkhano, magalimoto anandanda mpaka kumsewu, mahutala akulira, supavaiza akundikodola chapatali, yala, yala, fulumira. Zii woyamba anadutsa. Wachiwiri anadutsa. Anafika pa wachitatu.

Ndinkadziwa, ana inu. Ndinali nditaphunzitsidwa zaka ziwiri. Sindinganame kuti ndinaona ngati yatha. Ndinangoona kuti pali mpata, ndipo mawa kulinso 11 koloko. Ndinati, "Khalasi, mayi, yabwino kwambiri, tilankhulana madzulo."

Chala chinali kale pa batani lofiira. Mawu awo anamveka chapatali pang'ono, poti foni inali pa piyano, ndipo sanali okwiya, anali ngati akufuna kuseka.

"Musadule, a Mbewe. Siinathe."